Amene Ankafolera Mbali Imodzi ya Denga

Ulendo wanga wa ku Nchalo ukufotokozedwa ndi anthu amene sanakwere nawo basi, ndiponso ndi munthu mmodzi amene anakwera nawo koma mbali ina ya njira anaigona. Pachigayo cha ku Kabwazi akuti ndinathamangitsidwa m'basi chifukwa chowerenga zolaula. Ku Mphunzi akuti ndinakomoka pansi pa mlambe, anthu n'kundithira madzi. A Fabiano Kamtedza, amene ndi gwero la mabodza onsewa, akuwonjezera kuti ndi iwo amene anapulumutsa banja la Tereza ndi pakamwa pawo. Ine ndinaphunzira mpaka Folomu 4 pa nthawi imene kufika pamenepo sikunali masewera, ndipo ndakhala ndikuwerenga mawu m'tchalitchi zaka zambiri osalumpha ngakhale mzere umodzi. Choncho ndaona kuti ndi udindo wanga kulemba zimene zinachitika monga momwe zinachitikira.

Tereza ndi mwana wa malemu mlongo wanga, ndipo ine ndine nkhoswe yake. Anakwatiwa ndi Gervazio wa ku Mphunzi, amene anamutenga chitengwa kupita naye ku Nchalo, kumene amakonza mapampu othirira nzimbe. A Fabiano ndi amalume ake a Gervazio, ndiye kuti nkhoswe ya kuchimuna. Mlandu wa mkamwiniyu sunali kumenya, kuledzera kapena chibwenzi. Unali kusalankhula. Tereza atabwera kudzalira maliro a mayi ake, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, n'kugwada.

"Amalume, ine ndimakhala ndi chipupa," anatero. "Akaweruka kuntchito angodya, angotenga ndowa, ulendo wa ku kamtengo kawo kuseri kwa nyumba. Kamtengoko ndiko kamawamva mawu. Ine sanandiuzepo kuti mtima wawo uli pati. Kapena ndinangowakakamira."

Pamaliropo ndinamuona ndekha mkamwiniyo akuwaza nkhuni tsiku lonse, osapepesa aliyense ndi pakamwa. Mbumba inakhala pansi n'kugamula kuti ndipite ndikamutenge mwana wathu, ukwati uthe. Mwa mwambo zoterezi sizichitika popanda nkhoswe ya mbali inayo. N'chifukwa chake ndinayenda ndi a Fabiano. Sindinawasankhe ine.

Unali mwezi wa Okutobala. Tinanyamuka m'mamawa pa njinga zamoto mpaka pa Chimbiya, fumbi lili m'mano. A Fabiano ananyamula thumba la mbatata ya kachewere, ndipo mnyamata wa njinga yawo anadandaula njira yonse kuti wanyamula anthu awiri pa mtengo wa mmodzi. Pa Chimbiya oitanira maminibasi anatikoka mikono mbali zonse, koma ine ndinakana. Munthu wa msinkhu wanga sakwera galimoto imene mawondo amagunda chibwano. Tinadikira basi yaikulu yochokera ku Lilongwe, ndipo tinaidikira mpaka amayi ogulitsa anyezi anasiya kutitsatsa malonda n'kuyamba kutimvera chisoni.

"Ankhoswe," anatero a Fabiano, "mwavala jekete ndi tayi ngati mukukamanga ukwati, chonsecho mukukaupasula."

"Ntchito yolemera imafuna chovala cholemera. Nanga mbatatayo ndi ya chiphuphu?"

"Ndi ya mwana wanga wosalankhulayo. Pakamwa posalankhula pamadya ndithu."

Basi itafika, kondakitala anatchula mtengo woposa umene tinauzidwa kumudzi, akuti mafuta akusowa. Anafunanso kuti mbatata ilipiridwe ngati munthu. A Fabiano anati ngati ndi munthu aipatse mpando. Mkanganowo unatha pamene dalaivala anayamba kuyendetsa basi mwendo wawo umodzi udakali pansi.

Tinapeza mpando wa anthu atatu. Pawindo panali mayi wina wa zaka zapakati, wovala mwaulemu, amene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi a Nambewe, namwino wobwerera kuntchito ku Blantyre. Ine ndinakhala pakati, a Fabiano kunjira. Pa chipata cha apolisi cha ku Dedza anatiimitsa nthawi yaitali akufufuza matumba a makala pansi pa basi. Pamenepo ndinaona kuti mayiyo akupukuta misozi, maso ali pa foni.

"Pepani mayi," ndinatero, "kodi kwagwa zovuta?"

"Ayi abambo. Ndi buku."

Ndinadabwa. Munthu wosambitsa zilonda, woona imfa tsiku ndi tsiku, kulira chifukwa cha buku la pa foni. Anandifotokozera kuti linalembedwa ku China, mutu umodzi umodzi pa intaneti, ndipo owerenga ake omwe ndi amene analimasulira m'Chingelezi popanda malipiro. Mitu yake inali mazanamazana. Iwo ankaliwerenga kachiwiri. Ndinawauza kuti inenso mabuku ndimawadziwa, ndipo kuti buku labwino ndimalizindikira pa tsamba loyamba monga mlimi azindikirira nthaka. Anaseka, anakulitsa zilembo, n'kundipatsa foniyo.

Ndinayembekezera zachibwana. Ndinapeza zosiyana. Mayina a anthu ake ndikhoza kuwatchula, koma pofuna kuthandiza owerenga ndiwapatsa amene tinawapatsa m'basimo. Wamvula anali nduna ya kumwamba yoyang'anira mvula. Mafumu a kumwambako analamula kuti mudzi wina ulangidwe ndi chilala, koma iye anaumvera chisoni n'kuupatsa mvula mobisa. Anamuponya pansi pano kuti akhale munthu wamba, ndi temberero lakuti denga lililonse limene adzagone pansi pake lidzadontha. Ankakhala m'phiri ndi mlongo wake, mtsikana wowomba nsalu. Kumunsi kwa phirilo kunali Wabelu, mmisiri wosula mabelu amene kulira kwake kunkagoneka mizimu ya akufa yosowa mtendere. Anali munthu wa mawu ochepa ngati madzi a m'chilimwe.

Tisanafike ku Bembeke a Fabiano anandigunda ndi chigongono. "Ankhoswe, musamadye nokha. Ena Chingelezi chinatithawa tili ku Sitandade 3."

Choncho ndinayamba kuwerenga chiganizo chamumtima, n'kuchimasulira mokweza m'Chichewa. Popeza bukulo linali lalitali, a Nambewe ankandisankhira mitu ikuluikulu, n'kufotokoza mwachidule za pakati pake. Munali nkhondo za anthu owuluka pa malupanga, chinjoka chokhala m'chitsime, ndi mzinda wa akufa umene msika wake ndalama zake zinali maloto. Zonsezo zinali zokoma, koma wolembayo ankabwererabe ku kanthu kamodzi. Nyengo ya mvula ikayandikira, Wabelu ankatseka chipala chake chosuliramo mabelu, kusenza mitolo ya udzu, kukwera phiri, n'kufolera denga la Wamvula. Ankadziwa bwino lomwe kuti lidonthabe. Akamaliza ankamwa madzi, n'kutsika osanena kanthu.

Pa Lizulu basi inazingidwa ndi ogulitsa kabichi ndi karoti, ndipo munakwera Anaphiri, mayi wa malonda a tomato, amene anasowa mpando n'kukhala pa chidebe pafupi ndi a Fabiano. Sanachedwe kulowa m'nkhani.

"Ameneyu wapenga?" anafunsa. "Kufolera denga lotembereredwa?"

Apa ndi pamene ndinalankhula monga nkhoswe, ndipo ndikufuna kuti mawu anga alembedwe molondola, chifukwa a Fabiano amawakometsera. Ndinati: "Sanapenge. Ndaimira maukwati ambiri, ndipo izi ndazizindikira kalekale. Mwamuna akamasenza udzu kukafolera nyumba imene muli mbeta, osapempha malipiro, osalankhula pamaso pa mlongo wake wa mbetayo, ameneyo akugwira chikamwini. Akufuna mtsikana wowomba nsaluyo. Akudzionetsa kwa mwini mbumba kuti manja ali nawo. A ku China ndi ife mwambo ndi umodzi."

Anaphiri anavomera ndi mutu. Anthu a mpando wa kutsogolo, amene anali atatembenuka kale, anavomeranso. Ndipo ndikunenetsa kuti nkhoswe iliyonse ya kuno kwathu ikanagamula chimodzimodzi.

"Mwamva a Fabiano?" ndinapitiriza. "Uyu ndiye mkamwini. Wanu uja denga la malemu mlongo wanga analikwerapo liti?"

"Uyunso salankhula, ankhoswe. Bwanji iyeyu simukumusudzula?"

"Uyu ntchito zake zikumulankhulira."

Titadutsa Ntcheu a Nambewe anandinong'oneza kuti, "Abambo, mitu ikubwerayi bwanji muziwerenga chamumtima?" Ndinaganiza kuti akuopa zoopsa za nkhondo. Ndinawayankha kuti nkhani imene ndaiyamba pagulu ndimaimaliza pagulu.

Titatsika mapiri n'kudutsa Chingeni, kutentha kunayamba kulowa pa mawindo ngati mpweya wa mu uvuni. Ndinavula jekete, tayi ndinaisiya. Chakufupi ndi Phalula tinamva phokoso kutsogolo, kenaka fungo la mphira wopsa, basi n'kuima pambali pa msewu. Lamba wa injini anali ataduka. Dalaivala anati ndi kanthu kakang'ono. Kondakitala anatenga lamba wodukayo, anaimitsa lole yopita ku Balaka, n'kupita ndi ndalama zathu zonse m'thumba. Tinatsika tonse.

Apa ndikonze bodza la ku Mphunzi. Panalibe kukhala pansi pa mlambe. Aliyense amene anayendako amadziwa kuti mlambe mu Okutobala ulibe tsamba, ndipo mthunzi wake sungabise ngakhale nkhuku. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba ya mayi wina amene tsiku limenelo anagulitsa madzi a pamjigo ngati mankhwala. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, kondakitala osaoneka. Ena anakwera maminibasi odutsa n'kulipira kachiwiri. Mwana wina analira mpaka kutopa. Tomato wa Anaphiri anayamba kufewa m'madengu, ndipo iwo ankangomuyang'ana ngati wodwala amene madokotala amulephera. A Fabiano anamasula thumba lawo n'kupempha moto kwa mwini nyumba, mbatata ya Gervazio n'kuyamba kuchepa.

Anthu osowa chochita anasonkhana pamene panali nkhani. A Nambewe analumikiza foni ku kabokosi kosunga moto, ine n'kupitiriza. Pagulupo panabwera bambo wina wa suti yakuda, wonyamula chikwama cha mabuku, amene anati ndi mlaliki. Anayamikira kuti nkhaniyo ikuphunzitsa kupirira.

Ndiye kunabwera mutu umene unandigwedeza koyamba. Mlongo wake wa Wamvula anakwatiwa ndi wamalonda a mchere wa kudziko lakutali. Wabelu ndi amene anasenza bokosi la mkwatibwi kutsika nalo phiri, nkhope ili phee.

"Wachedwa mwana wa eni," anatero Anaphiri. "Udzu wonse uja wapita pachabe."

"Ndi mmene amathera anthu osalankhula," ndinatero, ndikuyang'ana a Fabiano. "Tsopano muona, phiri lija salikweranso."

Mutu wotsatira, mitambo itayamba kusonkhana, Wabelu anatseka chipala, anasenza udzu, anakwera phiri.

Pansi pa mango panamveka kung'ung'udza. Ndinafotokoza kuti mwina akuyembekezera kuti ukwati wa mchere uja utha, mtsikanayo abwerera kwa mlongo wake, monga zimachitikira. Koma ndikuvomereza kuti mawu anga sanatuluke ndi mphamvu yoyamba ija. Zaka zinadutsa m'bukumo. Mtsikanayo anabereka ana kutaliko. Wabelu anayamba imvi, anathyoka mwendo pa nkhondo ya chinjoka, komabe ankakwera phiri ndi ndodo, udzu uli pamutu. Ndinapempha a Nambewe kuti andipatse mutu umene zonsezi zimamasuliridwa. Anazengereza. Ndinaumirira. Anaupeza, n'kundipatsa foni akuyang'ana kumbali.

M'mutu umenewo mvula inali kugwa. Wamvula anatuluka panja n'kuona Wabelu ali padenga, wanyowa. Anamufunsa kuti, mlongo wanga anachoka kalekale, nanga iwe ukuvutikiranji? Wabelu anatsika pamakwerero pang'onopang'ono. Anayankha kuti chipinda cha mlongo wako chinali kumadzulo, ndipo ine kumadzulo sindinaikeko udzu ngakhale mtolo umodzi. Yang'ana denga lako.

Ndinamasulira zimenezo. Zinali zoona. Wolembayo anali atanena kuyambira mutu woyamba kuti Wabelu ankaimika makwerero ake kum'mawa, kumene kunali mphasa ya Wamvula. Ine mwini ndinali nditamasulira mawu amenewo mobwerezabwereza kuchokera ku Bembeke, ndi pakamwa pangapa, osawaona. Maso anga anathamangira ku chiganizo chotsatira, ndipo ndinaima.

Sindinakomoke. Foni sindinaigwetse. Ndinangoyang'anitsitsa foniyo, thukuta likutsika m'khosi mwa malaya. Ndinawerenga chiganizocho kachiwiri kuti mwina ndaphonya. Chingelezi chake chinali chosavuta, cha mwana wa pulayimale.

"Nenani kuti monga m'bale wake," ananong'ona a Nambewe. "Palibe adziwe. Tsekani nkhani pamenepo."

Anthu onse anali kundiyang'ana. Ndinaganiza za kwathu, za mphakati wathu, za mmene nkhani zimayendera msanga kuposa basi. Zinthu zimenezi kwathu sizitchulidwa, tchalitchi changa chili ndi chiphunzitso chake pa izo, ndipo malamulo a dziko nawonso ali ndi mawu ake. Koma ine sindinaikepo mawu anga m'kamwa mwa wolemba, ngakhale pamene mawu a tsikulo m'tchalitchi ankandilasa ine ndemwe. Ndinakonza tayi.

"Wabelu akuti: sindinakwere phiri ili ngati mnansi, kapena ngati m'bale. Ndakukonda monga mwamuna akondera amene akufuna kukalamba naye m'nyumba imodzi. Denga lako sindingalichiritse. Ndimangofuna kuti likamadontha, uzidziwa kuti wina anayesa."

Anthu anayang'anizana.

Woyamba kutsegula pakamwa anali a Fabiano. "Ankhoswe, ndiye chikamwini chija chinali cha kwa yani?"

Mlaliki anaimirira, nkhope itasintha. "Bambo, ndinu munthu wamkulu. Mwatisonkhanitsa pano, amayi ndi ana, kutidyetsa zonyansa zotere? Zimitsani chinthucho."

"Sindinalembe ndine," ndinayankha. "Ndamasulira zimene zalembedwa. Inunso mwakhala mukuyamikira munthu ameneyu kuyambira dzuwa lili pamutu."

"Ndimayamikira ndisakudziwa."

"Inenso sindimadziwa. Udzu ndi womwe uja."

Anatenga chikwama chake n'kukakhala pa mwala kutsidya kwa msewu, ndipo anthu angapo anamutsatira. Bambo wina analavula pansi. Mtsikana wina anabisa nkhope m'chitenje akuseka. Anaphiri anagwira chibwano.

"Ine zimenezi sindizidziwa, ndipo sindikuzifuna," anatero pomaliza. "Koma kwanga kukudontha chaka chachitatu, bambo a kunyumba ali pa bawo. Tawerengani timve, winayo wayankha chiyani?"

Sindinathe. Nthawi yomweyo kondakitala anatsika pa njinga yamoto atakoleka lamba watsopano m'khosi ngati mkanda. Palibe amene anandithamangitsa m'basi. Mlaliki anangosintha mpando. Chimene chinachitika n'chakuti kuchokera pa Phalula mpaka pa mlatho wa Zalewa sindinalankhule ndi munthu, ndipo a Fabiano, atakhuta mbatata ya mwana wawo, anagona kukamwa kuli yasa.

Ndinali wodzidzimuka, ndipo ndinayesa kukwiya. Ndinafuna kunena kuti wolembayo wandinyenga. Koma pobwereza m'mutu mitu yonse, sindinapeze pamene ananama. Sanabise kanthu. Anaika makwerero kum'mawa poyera, chaka ndi chaka, modekha ngati munthu wowotcha njerwa, ndipo anandisiya ndidzinamize ndekha ndi mwambo wanga. Ndawerenga mabuku ambiri a chikondi mmene anthu amakondana pa tsamba lachiwiri n'kulumbira pa mwezi ndi nyenyezi. Sindinawerengepo lina limene chikondi chimasenzedwa pamutu, mtolo umodzi umodzi, mpaka wowerenga amayamba kumva kulemera kwake asanadziwe dzina lake. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti ndinali nditamukonda kale Wabelu, ndipo nditadziwa zoona zake sindinapeze njira yomuchotsera mumtima.

Apolisi a pa Zalewa atatilola kudutsa, magetsi a ku Lunzu akuyamba kuoneka, ndinatsitsa mawu n'kufunsa a Nambewe.

"Mayi, kodi anayankha?"

Anandiyang'ana. "Mukufunadi kudziwa, abambo?"

"Nkhani yosamaliza imandisowetsa tulo."

"Anayankha, koma anachedwa. Tsiku limene lija anachita mantha, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Wabelu anafa pa nkhondo chaka chomwecho. Wamvula anayenda mitu ina yambirimbiri mpaka ku mzinda wa akufa, akuliza belu limene mnzake anamusulira, kuti akamubweze. Pamene ndimalira m'mawa paja ndi pamene amamupeza."

"Akanalankhula msanga, onse awiri."

"Bwenzi buku litatha pa Bembeke," anatero.

Tinasiyana nawo pa depoti ya ku Blantyre. Ine ndi a Fabiano tinagona kwa mwana wa mnzanga ku Ndirande, ndipo m'mawa tinalibe kuchitira mwina koma kukwera minibasi, mawondo kuchibwano. Potsika mapiri a ku Chikwawa mabuleki ananunkha, mayi wina n'kuyamba kolona mokweza. Pa Thabwa anatitsitsa chifukwa galimoto inadzaza mopitirira, ndipo tinayenda pansi kudutsa chipata kuti tikakwerenso kutsogolo apolisi akuona. Titawoloka Shire tayala linaphulika. Kutentha kwa kumeneko sindikufotokoza. Tayi ndinaivula.

Tinafika ku Nchalo masana. Tereza anatilandira, ndipo ndinaona kuti katundu wake anali atamanga kale m'zitenje pakona. Gervazio anabwera ndi zovala za kuntchito, anagwada patali, anatipatsa moni wa mawu awiri, n'kuyang'ana pansi. A Fabiano anakonza kukhosi kuti ayambe mlandu. Ndinawaimitsa ndi dzanja.

"Tisanakhale pansi, ndikufuna ndione kamtengo kaja."

Kuseri kwa nyumba, pa nthaka yong'aluka, panali kachisakasa ka udzu kofoleredwa mwaluso. Pansi pake panali kamtengo kofika m'chiuno, masamba ake opsa m'mbali, tsinde lake lozunguliridwa ndi zinyalala za nzimbe zonyowa. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Unali mtengo wa mapichesi, mtengo wa kumapiri ozizira, umene ku chigwa chotentha chotero ulibe chiyembekezo.

"Akamwini," ndinatero, "mtengo uwu munadzalira yani?"

A Fabiano anamuyankhira kuti, "Mwana wangayu chibadwire chake..."

"Ankhoswe, lero mumusiye. Akamwini, ndamva za munthu wina wa kutali amene anakhala chete mpaka imvi, ndipo polankhula anali atatsala ndi chaka chimodzi. Iyeyo anali ndi mnzake wotha kumutsatira kwa akufa. Inu mulibe. Katundu wa mwana wanga ali pakona apo, ndipo minibasi yobwerera ilipo. Ndafunsa kuti munadzalira yani."

Tinaima padzuwa nthawi yaitali. Thukuta linkagwa pa chibwano cha Gervazio. Potsiriza analankhula, osati kwa ine, koma akuyang'ana mapazi a Tereza.

"Tsiku limene tinafika kuno munati chimene mudzasowe ndi mapichesi a kuseri kwa nyumba ya amayi. Njere zake ndi za mtengo womwewo. Ndimatola tikapita. Mitengo ina yonse inapsa, watsala uwu. Ndimafuna ndidzakuuzeni ukadzabereka."

Tereza anayang'ana kamtengoko ngati akukaona koyamba. "Ine ndimayesa mukusowa kwanu ku Mphunzi," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine, maso atafiira. "Amalume, mtengo umenewu kuno subereka."

"Ndikudziwa. Iwonso akudziwa."

Sanamasule katundu wake tsiku limenelo, ndipo sindinamuuze kuti amasule. Ndinawauza akamwini kuti mtengo sulankhulira munthu, kuti mlanduwo ndauimika, sindinautseke, ndipo kuti ndikadzamvanso za chipupa ndidzabwera ndi galimoto yonyamula katundu. M'mawa mwake, tikunyamuka, ndinaona Tereza akutunga madzi pampopi, ndowa ziwiri, imodzi n'kuisiya pakona ya nyumba poyang'ana kuseri. Ndinabwerera ku Kabwazi wopanda mwana amene ananditumira, ndipo mbumba inandifunsa mafunso ambiri.

Tsono amene akufuna kudziwa chimene a Fabiano analankhula pa mlandu wonsewo, ndawalembera pamwambapa: mawu anayi, ndipo sanawamalize. Za bukulo, amene akuti ndi zolaula sanaliwerenge. Chiphunzitso cha tchalitchi changa ndikuchidziwa kuposa iwo, ndipo sindinapeze pomwe ndingamuike Wabelu m'menemo. Funso limenelo ndikuyenda nalo, silinandichoke. Koma mvula yoyamba itagwa chaka chino, ndinatuluka kukayang'ana madenga a m'mudzi mwathu, nyumba ndi nyumba, kuona mbali imene yafoleredwa ndi amene amagona pansi pake. Ndakhala nkhoswe theka la moyo wanga, ndipo ndinali ndisanayambe ndayang'anapo.